Vidiyo ya ukwati yakana kutseguka, batire inathera pa malumbiro penipeni

LOLEMBA

Jere Makamera, Ulongue:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ine kuno mutu sukugwira. Loweruka ndinajambula ukwati kuno ku Ulongue. Batire yoyamba ndinaimalizira kunyumba kwa mkwatibwi m'mawa akumuphoda, ndiye kutchalitchi ndinali pa yachiwiri, ija yopanda dzina ndinagula chaka chatha. Imaonetsa timizere tiwiri, ine n'kumati indifikitsa. Abusa aitana akwati kutsogolo, malumbiro atha, mkwati wagwira mphete kuti amuveke mnzakeyo, kamera phi! Ndinabwereka batire kwa mnzanga n'kupitiriza, osadziwa kuti kumbuyoku kwaonongeka. Lero ndaika memori mu laputopu, mafayilo onse akusewera kupatula imodzi, yomweyo ya malumbiro. Dzina lilipo, ndi MP4, kukula kwake 3.1 GB, koma pulogalamu yoonera mavidiyo ya VLC ikungondiyang'ana. Ankhoswe a kuchimuna ayimba kale kawiri. Theka la ndalama ndinalandira ndipo ndinadya kale. Ndithandizeni.

aMbewe, Moatize:
Mphwanga, tisanakambe zambiri, chotsa memoriyo mu laputopu. M'mbali mwake muli kachotsekera kakang'ono, kakankhire pa Lock. Usajambulirenso pamenepo, usaifomate, ndipo Windows ikakufunsa zoti "Scan and fix" ukane. Ambiri amene amabwera pa benchi yanga akulira, chimene chawapha si batire ayi, koma zimene anachita batire itatha.

Jere Makamera, Ulongue:
Ndachotsa malume. Foda yonse ndinakopera kale pa laputopu m'mawa. Koma "Scan and fix" ija ndinatsala pang'ono kudina, ndimaganiza kuti ndiye mankhwala ake.

aMbewe, Moatize:
Mulungu wakukonda. Chija chimakonza ndondomeko ya memori, sichisamala za vidiyo yako. Chikapeza fayilo yosamveka bwino chimatha kuidula, zotsalazo n'kuziponya mu foda yotchedwa FOUND.000 zili tizidutswa ta .CHK. Kenako uzikhala usiku wonse ukutsegula kamodzikamodzi kuti uone kali ndi nkhope ya mkwatibwi ndi kati. Tsopano fayilo yoonongekayo ikoperenso kachiwiri, pa hard disk ina kapena pa flashi. Zonse zimene tiyese tiyesera pa kope, yoyambayo isakhudzidwe.

Tchale wa pa Zobue:
Bwana Jere, ine ndikuona kuti nkhaniyi si ya kompyuta. Pa ukwati sipalephera azakhali amodzi osakondwa. Kamera yosazima kunyumba, yosazima panjira, kukazima pa mphete? Pitani kwa wa zitsamba 😂

Mayi a Tadala:
A Tchale, mnzanu ali pamoto inu mukuwotha. Chaona mnzako chapita.

Tchale wa pa Zobue:
Pepani amayi, ndimangofuna aseke pang'ono asagwe BP.

Chisomo, Tete:
Achimwene a Jere, 3.1 GB imeneyo ndi nkhani yabwino. Ikanakhala 0 KB bwenzi tikukamba zina. Ndifotokoze chimene chinachitika kuti mtima ukhale pansi.

Inu ndi a ku Angonia, mukudziwa m'mene amakwezera mbatatesi mu lole. Alimi khumi abweretsa matumba, ena a mbatatesi ena a nyemba, akuponya mosakaniza. Pambali pali kalaliki amene akuwerenga, koma iye amasunga mumtima, kope amadzalemba lole ikadzadza: thumba lakuti ndi la uje, lili pakona yakuti, likulemera mwakuti. Ndiye tiyerekeze kuti kalalikiyo wakomoka asanalembe. Katundu yense ali mu lole, palibe chatayika, koma ikafika ku Tete palibe amene angadziwe kuti chiyambire pati.

MP4 ndi MOV zili choncho. Pamene mukujambula, kamera imathira zithunzi ndi mawu mosinthanasinthana m'chigawo chotchedwa mdat. Kope la kalaliki ndi chigawo china chotchedwa moov, chimene chimanena kuti chithunzi chilichonse chili pati, n'chachikulu bwanji, chibwere nthawi yanji, mawu ake ndi ati. Makamera ambiri amalemba moov mukadina stop. Inu simunadine, batire inadina yokha. Ndiye muli ndi mdat ya 3.1 GB yopanda moov. Mukaiyesa ndi pulogalamu ya mavidiyo yotchedwa ffmpeg idzakuuzani m'mawu ake kuti "moov atom not found".

Jere Makamera, Ulongue:
Ndiye kuti malumbiro alimo?

Chisomo, Tete:
Ndikukhulupirira alimo, koma tionetsetse. Pezani kapulogalamu kaulere kotchedwa HxD, mutsegule nako kope lija. Muona manambala osamveka kumanzere ndi tizilembo kumanja. Koyambirira kwenikweni muyang'ane mawu oti ftyp, kutsogolo pang'ono mdat. Kenako tsetserekani mpaka pakati ndi kumapeto. Mukamaona zilembo zosokonekera ngati nkhuku yapalasa, sangalalani, ndiyo vidiyoyo. Mukamaona 00 00 00 yokhayokha tsamba ndi tsamba, pamenepo mulibe kanthu. Musasinthe kalikonse mmenemo, n'kungoona basi.

aPhiri, Furancungo:
Ana inu mukundikumbutsa kale. Ine ndinayamba kujambula maukwati ndi kamera yapaphewa ya kaseti ya VHS. Batire ikatha, zonse zimene wajambula mpaka pamenepo zinali pa tepi, palibe za kalaliki. Tepi ikaduka timatsegula kasetiyo ndi sikuludiraiva, kudula pophwanyikapo ndi lezala, kulumikiza ndi selotepi, umangotaya masekondi awiri atatu. Zamakonozi chithunzi n'chokongola, sindikana, koma kufa kwake n'kwa zonse pakamodzi.

Chisomo, Tete:
Agogo mukunena zoona, ndipo si mafayilo onse amakono ali ndi matenda amenewa. Makamera a AVCHD aja amasunga .MTS, iyo imalembedwa m'timapaketi ting'onoting'ono todziimira patokha, ikadukira panjira zimene zalowa kale zimasewera. N'chimodzimodzi amene mumaulutsa mapemphero pa Facebook ndi pulogalamu ya OBS: sankhani MKV pojambula, magetsi akathima simulira. MP4 mudzasinthe pambuyo, OBS yomweyo ili ndi posinthira.

aPhiri, Furancungo:
Iwe, agogo ndani? Ndikadali kukwera njinga yamoto mpaka ku Chifunde ndi kamera kumsana.

Jere Makamera, Ulongue:
Ndatsegula ndi HxD. ftyp ilipo, mdat ilipo, pakati ndi nkhuku zokhazokha. Kumapeto kwenikweni ndiye kuli ma 00 pang'ono. Ndafufuza mawu oti moov, palibe.

aMbewe, Moatize:
Basi, wodwala akupuma. Kagone kaye mphwanga, mawa ntchito.

LACHIWIRI

Tchale wa pa Zobue:
Tsopano zoona, osati nthabwala. Ine ndinaonapo mawebusaiti amene umangoponyapo vidiyo yoonongeka, iwo akonza, iwe n'kutsitsa. Bwanji osapita kumeneko m'malo mwa manambala a nkhukuwa?

aMbewe, Moatize:
Alipo, ndipo ena amagwiradi ntchito. Koma taganiza, 3 GB kuikweza ndi netiweki ya ku Ulongue, kenako kuitsitsanso, bandulo yake walipira ndani? Ikadukira pa 80% uyambirenso. Chachiwiri, ambiri amakuonetsa kachidutswa kuti mtima udumphe, ukati nditsitse yonse akuti lipira madola. Chachitatu, ukwati wa eni ake ukuupereka kwa anthu osawadziwa. Ukwati bola, koma ena timajambula zinamwali ndi maliro, zinthu zoti eni ake sangakonde zikhale pa kompyuta ya mlendo.

Ndipo ndichenjezeretu: wina asakutumizire pulogalamu yogula imene akuti "yathyoledwa, ndi yaulere". Mmenemo ndi mmene mumabisala mavairasi otseka mafayilo. Pali banja lina la mavairasi lotchedwa STOP/Djvu, limayenda kwambiri m'mapulogalamu othyoledwa omwewa. Limawonjezera zilembo zachilendo kumapeto kwa dzina la fayilo iliyonse n'kusiya kakalata kofuna ndalama. Mnyamata wina anabwera kwa ine ndi laputopu ya studio yonse ili choncho, amafuna kupulumutsa vidiyo imodzi, anataya zithunzi za makasitomala a chaka chathunthu.

Chisomo, Tete:
Njira imene amagwiritsa ntchito ogulitsawo ilipo yaulere. Dzina lake untrunc, ili pa webusaiti ya GitHub. Anaiyamba ndi Federico Ponchio, ena anadzaipititsa patsogolo, ndipo ilipo ya Windows yokhala ndi mabatani, simufunika kulemba malamulo ngati simukufuna. Mumaipatsa mafayilo awiri: yabwino ndi yoonongeka. Iyo imaphunzira pa yabwinoyo m'mene kamera yanu imasokera matumba ake, kenako imalowa mu lole ija n'kumawerenga thumba limodzilimodzi, n'kulemba kope latsopano. Yoonongekayo siikhudza, imatulutsa fayilo ina yokhala ndi mawu oti fixed pa dzina.

Nkhani yagona pa fayilo yabwinoyo. Ichokere mu kamera yomweyo, pa masetingi omwewo, ndipo ikhale yochokera pa memori mwachindunji, osati yodutsa mu pulogalamu yolumikizira kapena pa WhatsApp.

Jere Makamera, Ulongue:
Ndikutsitsa. Yabwino ndili nazo zambiri, za tsiku lomwelo.

Nabanda, Domue:
Pepani abale ndilowerere pa nkhani ya achimwene a Jere, yanga ikufanana. Ndine mlembi wa kwaya ya amayi kuno ku Domue. Mwezi watha tinali ndi msonkhano wa makwaya masiku atatu, ine n'kumajambula ndi foni. Ndinagula memori yatsopano ya 64 GB pamsika kuti malo asathe. Za Lachisanu zonse zikusewera, za Loweruka m'mawa zikusewera, koma kuyambira Loweruka masana mpaka Lamulungu palibe ndi imodzi yomwe. Mayina alipo, kukula kukuoneka. Foni sinazime, sinagwe. Kodi untrunc imeneyi ingandithandize nanenso? Nyimbo yathu ife tinaimba Lamulungu.

aMbewe, Moatize:
Achemwali, mafunso awiri. Memoriyo munagula zingati? Ndipo mavidiyo amene akusewerawo, mukawaphatikiza onse akukwana ma GB angati?

Nabanda, Domue:
Ndinapereka 250 meticais. Mwana wanga wawerenga, akuti amene akusewera akukwana 7 GB ndi kanthu.

aMbewe, Moatize:
Ndimaopa zomwezo. Achemwali, memori imeneyo si ya 64 GB. Mkati mwake ndi ya 8 GB, anaisintha kuti izinamiza foni, pamwamba n'kudindapo 64. Malo enieniwo akadzadza, foni imapitiriza kulemba, memori n'kumavomera kuti ndalandira, koma zikungogwera m'dzenje. Dzina ndi kukula zimalembedwa m'ndondomeko, n'chifukwa mukuziona, koma nyama yake palibe. Kwa Jere lole ndi yodzadza kope lasowa. Kwa inu kope lilipo lolembedwa bwinobwino, lole ndiye yopanda kanthu.

Chisomo, Tete:
Amayi, musanataye mtima yesani ichi, n'chosavuta. Koperani vidiyo imodzi yokanayo pa kompyuta, muipanikize kukhala ZIP. Vidiyo yeniyeni ndi yopanikizidwa kale, ZIP yake imatuluka pafupifupi yofanana kukula. Koma ya 900 MB ikasanduka ka 1 MB kapena kuchepera, ndiye kuti mkati munali ziro yekhayekha.

Nabanda, Domue:
Tayesa. Ya 1.2 GB yasanduka 1.3 MB. Mayo ine. Amayi a kwaya ndikawauza chiyani, anasonkha ndalama ya memoriyo ndi iwowo.

Mayi a Tadala:
Pepani Nabanda. Koma pa msonkhano wa makwaya simungakhale munajambula nokha, masiku ano aliyense foni m'mwamba. Funsani a makwaya enawo, makamaka achinyamata. Wina ali nayo nyimbo yanuyo.

Chisomo, Tete:
Ndipo mukampeza, muuzeni atumize pa WhatsApp ngati Document, osati ngati vidiyo wamba. Ikapita ngati vidiyo WhatsApp imaifinya, nkhope zimachita mbuu. Ngati Document imafika m'mene ilili, mpaka 2 GB. Kapena kuposa apo, mukumane mukopere ndi chingwe. Komanso za Lachisanu zija zichotseni pa memoriyo lero lomwe, mamemori ena abodza akadzadza amabwerera koyambirira n'kumalemba pamwamba pa zakale.

aPhiri, Furancungo:
Ine ndimagula memori m'shopu yoti mawa ndikaipeza ili pomwepo, ndipo ndimatenga lisiti. Za pa tebulo la pamsika zija, lero ali apa mawa ali ku Calomue, mukamufuna kuti? Wogulitsayo mwinanso sadziwa, naye anaoda mu katoni.

Jere Makamera, Ulongue:
Abale zavutanso. untrunc yatulutsa fayilo, yatseguka, ndinakuwa mpaka mayi a kunyumba anabwera kudzaona. Koma chithunzi chili ndi mabanga obiriwira, abusa akuyenda ngati akuthamangitsidwa, mawu atsalira kutali. Ndiye kuti basi?

Chisomo, Tete:
Fayilo yabwino munasankha iti?

Jere Makamera, Ulongue:
Ya ku holo, ya perekaniperekani. Ndinasankha iyo chifukwa ndi yaitali komanso yowala bwino.

Chisomo, Tete:
Dinani kumanja pa fayiloyo, Properties, Details, muone frame rate, kutanthauza chiwerengero cha zithunzi pa sekondi. Kapena pulogalamu ya MediaInfo ngati muli nayo. Muonenso ina ya kutchalitchi imene munajambula malumbiro asanayambe.

Jere Makamera, Ulongue:
Aaa. Ya ku holo ndi 50, ya kutchalitchi ndi 25. Ndakumbuka, ku holo ndinasintha kuti povina ndidzachedwetse chithunzi, ndalama zikamagwa zizioneka bwino.

aMbewe, Moatize:
Ndi zimenezo. Wapatsa kalaliki kope la lole ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha mphwanga. Tenga fayilo imene yayandikana nayo kumbuyo, ya akwati akulowa m'tchalitchi.

Jere Makamera, Ulongue:
Magetsi athima, laputopu ili pa 9%. Ndaizimitsa ndekha isanandizimire pakati pa ntchito, ndaphunzira. Mawa.

LACHITATU

Bambo a Yamikani, Tsangano:
Moni gulu. Poti madokotala alipo, nane ndionetse chilonda. Mlamu wanga ku Johannesburg ananditumizira vidiyo ya mwana wake pa flashi. Pa kompyuta ya ku ofesi mawu akumveka koma chithunzi chakuda bii. Yaonongeka panjira?

Chisomo, Tete:
Anajambula ndi iPhone?

Bambo a Yamikani, Tsangano:
Eya, ndi wa iPhone ameneyo, satilola kuiwala.

Chisomo, Tete:
Siinaonongeke bambo. Kuyambira 2017 ma iPhone amajambula mu mtundu wotchedwa HEVC, ena amati H.265, ndipo makompyuta ambiri akale sautha ndi pulogalamu imene anabwera nayo. Ikani VLC muyese. Ikamadodoma chifukwa kompyutayo ndi yofooka, isintheni kukhala H.264 ndi HandBrake, nayo ndi yaulere. Alamu anuwo akafuna kutumizanso, alowe mu Settings, Camera, Formats, asankhe Most Compatible.

Bambo a Yamikani, Tsangano:
Yasewera ndi VLC. Zikomo mwanawe. Ndinatsala pang'ono kumunena mlamu kuti anagula flashi yotchipa.

Mayi a Tadala:
A Jere muli chete. Ankhoswe aja mwawayankha?

Jere Makamera, Ulongue:
Sindinayankhe amayi. Ayimba kanayi tsopano. Ndikufuna ndione kaye ngati itheke.

Mayi a Tadala:
Apo ndiye mukulakwitsa. Munthu amene wapereka ndalama akamaimba osayankhidwa saganiza za batire, amaganiza kuti mwathawira ku Dedza. Ayimbireni, muwauze kuti chigawo chimodzi chavuta mukuchikonza, mupemphe masiku. Ulongue ndi yaing'ono, mbiri ikaipa pa ukwati umodzi maukwati onse a chaka chino amva.

Tchale wa pa Zobue:
Kapena muwauze avalenso, mukapemphe kiyi wa tchalitchi Lachinayi kulibe anthu, mujambule pafupi manja okhaokha ndi mphete. Ndani angadziwe?

aPhiri, Furancungo:
Usaseke Tchale, ine ndinachitapo zimenezo, kale kwambiri. Tepi inadyedwa ndi makina pa malo a mphete omwewo. Akwatiwo anavomera, tinabwereza patatha sabata. Vuto linali loti diresi anali atabweza kale kumene anabwereka, tinapeza lina la manja aatali pamene loyamba linali la manja aafupi. Mayi ake a mkwatibwi anazindikira tsiku loyamba kuonera. Mpaka lero tikakumana pa maliro amandiyang'ana m'mbali.

Mayi a Tadala:
😂 A Phiri inu. Koma bola munawauza eni ake, sanali mabodza.

Jere Makamera, Ulongue:
Ndawayimbira. Anayamba mokalipa, koma nditafotokoza anati bola vidiyo ifike achibale a ku Lilongwe asanabwerere Lamulungu. Magetsi ayaka, ndikuyesanso ndi fayilo ya kutchalitchi.

aMbewe, Moatize:
Pamene tikudikira, ndiwonjezere kwa ena amene zidzakuonekereni. Si makamera onse amasiya MP4 ngati ya Jere. Ena a Sony amasiya fayilo ya .RSV, ena a Canon .DAT, a Panasonic .MDT. Munthu amaiona n'kumati ndi zinyalala, n'kuifufuta, osadziwa kuti ndiyo vidiyoyo isanatsekedwe. Ndipo makamera ena, monga GoPro, ukabwezera memori n'kuyatsa amayesa kukonza okha fayilo yodukayo. Koma ngakhale pamenepo, yamba wakopera kaye, kenako uyese.

Ikakhala kuti fayilo siikuoneka n'komwe, kapena memori ikuti ifomatidwe, imeneyo ndi nkhani ina. Pamenepo timayamba kukopera memori yonse kukhala fayilo imodzi, ndi Win32 Disk Imager kapena ddrescue kwa a Linux, kenako n'kufufuza mu fayilo imeneyo ndi PhotoRec, pulogalamu yofufuza mafayilo otayika. Zopezekazo osazisunga pa memori yomweyo. Ndinene poyera kuti PhotoRec imachita bwino pa zithunzi kuposa pa mavidiyo aatali, chifukwa vidiyo yaikulu nthawi zambiri imakhala yomwazikana pa memori, ndiye imatuluka yodukaduka. N'chifukwa chake ndimauza anyamata kuti ntchito ikatha ndipo mwasunga malo awiri, fomatani memori mu kamera momwemo, osati kumangofufuta imodziimodzi kwa miyezi.

Tchale wa pa Zobue:
Nanga flashi ikakhala kuti mafoda onse asanduka ma shortcut?

aMbewe, Moatize:
Iyo ndi vairasi ya m'malo osindikizira mapepala, mafayilo amangobisika, sanafe. Osadina ma shortcut amenewo. Tsegula cmd, polembera malamulo mu Windows, lowa mu flashiyo, lemba attrib -h -r -s /s /d *.* zonse zibwerera. Koma Tchale usatisokoneze, tikudikira mphete.

Jere Makamera, Ulongue:
YATHEKA! Abale yatheka! Mphindi 14 ndi masekondi 20, chithunzi choyera, mabanga palibe. Abusa akuyenda ngati munthu. Malumbiro onse alimo, mpaka pamene mkwatibwi analakwitsa dzina la mwamuna wake anthu n'kuseka. Manja akunjenjemera.

Nabanda, Domue:
Ambuye alemekezeke. Bola wina wapulumuka.

Chisomo, Tete:
Ndasangalala achimwene. Ionereni yonse kuyambira poyamba mpaka pothera, osadumpha, makamaka muziyang'ana milomo ngati ikugwirizana ndi mawu.

Jere Makamera, Ulongue:
Ndaonera. Zinthu ziwiri. Koyambirira mawu ndi milomo zikugwirizana, koma pofika kumapeto mawu akutsogola pang'ono, ngati theka la sekondi. Chachiwiri ndi chowawa: yathera pamene mphete yafika pa nsonga ya chala. Kulowa kwake palibe.

Chisomo, Tete:
Masekondi omalizawo anali asanafike pa memori. Kamera imasunga kaye pang'ono mkati mwake isanathire, batire itazima zinapita ndi mphepo. Ma 00 munaona kumapeto aja ndi malo amene zikanakhala. Palibe pulogalamu ingabweze zimenezo, wina asakudyereni ndalama.

Za mawu n'zosavuta. Mu pulogalamu yolumikizira, lekanitsani mawu ndi chithunzi, mudule pamene mpingo ukuimba kapena pali chete, musunthe pang'ono. Malo awiri kapena atatu akwana. Ngati pulogalamuyo ikuvuta kuilandira fayilo yokonzedwayo, idutsitseni kaye mu ffmpeg motere: ffmpeg -i yokonzedwa.mp4 -c copy yatsopano.mp4. Sizichepetsa kuwala kwa chithunzi, zimangoikonzera chikuto chatsopano.

aPhiri, Furancungo:
Za mphetezo chita zimene amayi anamuuza Nabanda. M'tchalitchi munali mafoni angati? Funsa aphelekezi a mkwatibwi, iwo amakhala pafupi. Ngakhale ikhale yoimirira, uike pakati, m'mbali uchite mbuu, masekondi asanu palibe angadandaule. Kenako udumphire pa nkhope za makolo akululutira, ngati unazijambula.

Jere Makamera, Ulongue:
Nthungululu ndili nazo, ndi zoyamba zimene ndinajambula nditaika batire ya mnzanga. Ndatumiza uthenga kwa mchemwali wa mkwati, akuti ali nayo ya mphete, anaima kumbuyo kwa abusa. Ndamuuza za Document zija.

aMbewe, Moatize:
Nanga batire yopanda dzina ija ili kuti?

Jere Makamera, Ulongue:
Ili pa tebulo pano, ndikuiyang'ana. Ndaiona bwino lero, yatupa pang'ono pamimba, n'chifukwa imavuta kutuluka mu kamera.

aMbewe, Moatize:
Yotupa usaitchajenso, ndipo isakhale padzuwa kapena pafupi ndi moto, ana asaseweretse. Kuno ku Moatize ndi ku Tete kutentha kwa Okutobala kumapitirira madigiri 40, mabatire otere amatupa ali m'chikwama. Inu a kumapiri mumapepukidwa, koma yotupa ndi yotupa. Ndipo ukamajambula chinthu chachitali ngati mapemphero, uzidina stop n'kuyambanso pakakhala mpata, nyimbo ikamayamba kapena abusa akamatsegula Baibulo. Fayilo iliyonse yotsekedwa ndi yopulumuka. Ukanadina stop malumbiro atangotha, bwenzi utataya mphete yokha popanda masiku atatu osagonawa.

Nabanda, Domue:
Nane ndili ndi kankhani. Mtsikana wa kwaya ya ku Tsangano ali nayo nyimbo yathu, koma anayambira pa ndime yachiwiri ndipo mutu wa munthu wina ukutchinga mbali imodzi. Tilandira yomweyo. Tsopano a Chisomo, ndikagula memori ina, ndingadziwe bwanji kuti si yabodzanso ndisanapite nayo ku msonkhano?

Chisomo, Tete:
Pali kapulogalamu kotchedwa H2testw ka Windows, a Linux ndi Mac ali ndi F3. Mumaika memori yopanda kanthu mu kompyuta, iko kamaidzadza yonse ndi mafayilo ake, kenako kamawerenganso kuona ngati zimene kanalemba zilipodi. Ikakhala yabodza kamanena kuti ma GB akuti ali bwino, akuti atayika. Kamachedwa, ya 64 GB ikamalemba pa 10 MB pa sekondi ndi pafupifupi maola awiri kulemba kokha, kuwerenga kwina. Muyambitse madzulo magetsi alipo, muzikaphika. Pogula muyang'anenso chizindikiro cha liwiro: ya foni Class 10 ikwana, koma a makamera a 4K afune yolembedwa V30, kutanthauza kuti siitsika pansi pa 30 MB pa sekondi.

Nabanda, Domue:
Ndiyesa pa yabodza yomweyi kaye, za Lachisanu tachotsa kale. Zikatuluka ndijambula sikirini, Loweruka ndi tsiku la msika ndikamuonetse mnyamata uja. Ndalama sindikuyembekeza kuti abweza, koma amayi a kwaya tipita anayi.

Tchale wa pa Zobue:
Amayi anayi a kwaya pa tebulo limodzi? Bwana Jere, tchajani batire yabwinoyo mupite mukajambule.